Mapu akale a mapaipi amadzi ndi suweji: kuwalowetsa mu GIS osalowetsa limodzi ndi mabodza ake

Ngati munagwirapo ntchito mu ofesi yoona za madzi mumzinda, kabati ija mukuidziwa. Ya madilowa otambalala, modzaza mapepala akuluakulu, ena anachita chikasu, ena anang'ambika m'mapindo n'kumatidwa ndi selotepi yomwe nayonso inauma kalekale. Ndiye tsiku lina bwana amangobwera n'kunena kuti zonsezi zilowe mu kompyuta, tikufuna GIS, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti nkhani yake ndi kusikana basi. Kusikana ndi kwa masiku ochepa chabe anzanga, ntchito yeniyeni imayamba sikana itazima.

GIS pofotokoza mwachidule ndi mapu oti mzere uliwonse uli ndi mbiri yake kuseri mu tebulo. Ukadina paipi, ikuuze kuti ndi yaikulu bwanji, ndi yachitsulo kapena pulasitiki, anaikwirira chaka chanji, ndipo ikaphulika usiku utseke mavaluvu ati kuti madzi asiye kusefukira mumsewu. Chithunzi cha mapu chongosikana sichingakuuze zimenezo, chimangokhala pepala lomwelija koma lili pa sikirini. Ndipo vuto lalikulu lomwe ine ndinaliona ndi loti kompyuta imakongoletsa chilichonse. Mzere womwe munthu wina anaujambula mongoganizira ndi pensulo zaka 40 zapitazo, ukalowa mu GIS umaoneka wowongoka bwino wabuluu ngati unayezedwa dzulo, aliyense n'kuukhulupirira, mpaka tsiku lomwe anyamata adzakumbe dzenje lofika m'chiuno osapeza kanthu.

Musanayatse kompyuta

Tulutsani mapepala onse muwayale, muwapatse manambala, mulembe penapake kuti pepala lililonse ndi la dera liti, la chaka chanji, sikelo yake ndi chani, komanso ngati lili ndi mizere ya giridi m'mphepete kapena ayi. Chofunika kwambiri apa ndi kusiyanitsa mapu a pulani ndi mapu a as-built. A pulani amaonetsa zomwe injiniya ankafuna kuti zichitike, a as-built amaonetsa zomwe kontirakita anachitadi atakumana ndi mwala pansi n'kukhotetsa paipi. Mukapeza onse awiri a malo amodzi, tengani as-built. Mukapeza a pulani okha, agwiritseni ntchito, koma mulembe kuti ndi a pulani, tibwereranso ku nkhani imeneyi.

Kenako pezani mdala uja. Ofesi iliyonse ya madzi ili naye, pulambala kapena folomani yemwe wakhala zaka zambirimbiri ndipo netiweki yonse ili m'mutu mwake. Ameneyo ndi mapu ofunika kuposa kabati yonse, ndipo akangopuma pantchito amapita nazo zonse. Ine komwe ndinkagwira kunali bambo wina wotero, ndinawayalira pepala patebulo, anangoliyang'ana pang'ono n'kuloza ndi chala kuti "iyi tinaidula kalekale iyi, madzi amadutsa uku tsopano," n'kujambula mzere wina ndi bolopeni yofiira womwe sunali pa pepala lililonse mu ofesi monse muja. Ndikanapanda kuwafunsa ndikanataya masiku awiri kujambula paipi yakufa. Muziwaitana kuyambira pachiyambi, osati pomaliza kuti adzangovomereza.

Konzani matebulo kaye, kujambula pambuyo

Apa m'pomwe ambiri amapupuluma, amayamba kujambula mizere tsiku loyamba lomwe chifukwa n'zosangalatsa kuona mapu akudzaza, kenako pakatha miyezi itatu n'kuzindikira kuti sanalembe kukula kwa mapaipi ndiye abwererenso mzere uliwonse. Khalani pansi kaye mugwirizane maleya, kutanthauza magulu a zinthu za mtundu umodzi pa mapu, gulu lililonse ndi tebulo lake. Madzi akumwa akhale paokha, suweji payokha, osasakaniza. Ku madzi mufuna leya ya mapaipi yomwe ndi mizere, ndiye mavaluvu, mahaidiranti a ozimitsa moto, mamita, mathanki ndi mapampu zomwe ndi timadontho. Ku suweji mufuna ma manhole, maenje a zivindikiro aja ofikira ku paipi, ngati timadontho, mapaipi ngati mizere, ndi malo opopera ngati alipo.

Chinthu chilichonse chikhale ndi nambala yakeyake yosabwerezedwa ndipo isadzasinthe mpaka kalekale, ngakhale valuvuyo itachotsedwa nambala yake isapatsidwe ina. Pa paipi lembani kukula, mtundu, chaka, ndi ngati ikugwira ntchito kapena inasiyidwa. Mtunduwo musalole kuti aliyense azitaipa mmene akufunira, chifukwa wina alemba PVC, wina pvc, wina P.V.C, wina "pulasitiki", ndipo tsiku lofuna kuwerengera kuti PVC yonse ndi makilomita angati mudzalira. Pangani kamndandanda kosankhapo, PVC, HDPE, AC ya asibesitosi ija, GI yachitsulo chokutidwa ndi zinki, cast iron, ductile iron, ya dothi lootcha, ya konkire, ndi "sizikudziwika", munthu azingodina. Kukula nakonso sankhani muyezo umodzi. Mapu akale ambiri ali mu mainchesi, 4 inchi amaiwerengera ngati 100 mm, 6 inchi ngati 150 mm, koma samalani chifukwa mapaipi apulasitiki amatchulidwa ndi kukula kwa kunja, monga 110 ndi 160, ndiye mukaona 100 ndi 110 moyandikana musathamangire kunena kuti wina analakwitsa.

Pomwe simukudziwa siyani popanda kanthu. Osalemba 0. Paipi ya 0 mm kulibe, ndipo 0 ameneyo adzakusokonezerani masamu onse kutsogoloku.

Ndiye pali makolamu awiri omwe ine ndimati ndi mtima wa ntchito yonseyi ngakhale anthu amawaona ngati otayitsa nthawi. Yoyamba ndi gwero, kuti mzerewu wachokera pa pepala nambala chakuti, kapena kwa mdala uja, kapena tinayeza tokha. Yachiwiri ndi yoti tikuukhulupirira bwanji. Izi si zopeka ine, ku America ali ndi ndondomeko yotchedwa ASCE 38 yomwe imagawa zinthu zapansi pa nthaka mu magulu kuyambira D mpaka A, pomwe D ndi zongotenga m'mapepala akale ndi zokumbukira anthu, ndipo A ndi zoti munakumba n'kuiona paipiyo ndi maso n'kuiyeza. Ku Britain kuli PAS 128, yomwe inatuluka koyamba mu 2014, ya maganizo ofanana. Simukuyenera kutsatira mabuku amenewa ndendende, ngakhale magulu atatu okha akukwana, bola munthu wotsegula mapu adziwe kuti mzere uwu ndi wotsimikizika, uwu ndi wongomva. Ine ndimapanga kuti yokayikitsa izioneka yodukaduka pa sikirini, munthu akangoiona adziwiretu kuti apa pokumba ndi kupemphera.

Za pulogalamu sindichedwapo. QGIS ndi yaulere, inayambidwa ndi Gary Sherman mu 2002, ndipo zonse ndikunena pano imachita. ArcGIS ya Esri ndi yolipira laisensi, ili ndi zida zamphamvu za manetiweki, ngati ofesi yanu ili nayo kale gwiritsani ntchito imeneyo. Koma mafayilo sungani mu GeoPackage osati shapefile. Shapefile ndi yakale, dzina la kolamu silipitirira zilembo 10 ndiye mayina anu amadulidwa n'kusanduka zosamveka, komanso leya imodzi imakhala timafayilo tingapo, .shp, .shx, .dbf, .prj, wina akakutumizirani kamodzi kokha n'kuiwala tinzake ndiye kuti palibe chomwe watumiza. GeoPackage ndi fayilo imodzi basi. Mukakhala anthu angapo ojambula nthawi imodzi ndiye pitani ku PostGIS, database ya mapu yomwe anthu ambiri amatha kugwiritsa ntchito limodzi, koma zimenezo ndi za mtsogolo.

Nkhani ya ma coordinate, yomwe imagwetsa anthu

Mapu aliwonse oyezedwa bwino anajambulidwa pa dongosolo linalake la ma coordinate, manambala osonyeza malo padziko, ndipo mapu akale nthawi zambiri ali pa datum yakale ya dera lawo, datum kukhala maziko omwe manambalawo amawerengedwera, monga Arc 1950, ED50 kapena NAD27, pomwe GPS ya mufoni mwanu ndi zithunzi za setilaiti zimayendera WGS 84. Mukauza kompyuta datum yolakwika, netiweki yonse imasuntha, mwina ndi mamita oposa 100, mapaipi onse n'kumaoneka akudutsa pansi pa nyumba za anthu m'malo motsata msewu. Chizindikiro chake n'chosavuta, ngati chilichonse chasunthira mbali imodzi ndi mtunda wofanana, vuto si kujambula kwanu, ndi datum. Yang'anani m'munsi mwa pepala kapena m'kona, nthawi zambiri amalembapo, ndipo ngati sanalembe funsani a saveya. Pogwira ntchito sankhani dongosolo loyeza mu mamita monga UTM, dziko lonse analigawa mu mazoni 60, pezani zoni yanu. Musajambule mu madigiri a EPSG:4326, chifukwa mukafunsa kutalika kwa paipi mutha kulandira yankho ngati 0.0004 n'kumadabwa.

Kusikana ndi kukhazika pepala pamalo pake

Sikanani pa 300 dpi, ndi zokwana, kupitirira apo mafayilo amangolemera kompyuta n'kumakoka miyendo. Sungani ngati TIFF, ndipo ngati pali zolemba za bolopeni yofiira kapena pensulo sikanani moti mitundu ya inki izioneka, chifukwa zolemba pamanja zimenezo nthawi zambiri ndiye zoona zenizeni. Kujambula ndi foni ndi njira yomaliza pakasowa sikana yaikulu, pepala limapindika m'mbali mwa chithunzi.

Kenako tsegulani Georeferencer mu QGIS. Chomwe mukuchita apa ndi kuuza kompyuta kuti kadontho aka pa pepala ndi malo awa padziko. Ngati pepala lili ndi giridi ndiye mwapata, dinani pomwe mizere yadutsana n'kutaipa manambala ake. Ngati lilibe, fufuzani zinthu zomwe sizinasunthe kuyambira nthawi imeneyo, makona a nyumba zakale, milatho, mphambano za njanji, zikhomo za malire a mapuloti. Osagwiritsa ntchito mitengo, m'mphepete mwa mtsinje kapena m'mphepete mwa msewu womwe anaukuza kawiri konse. Masamu ake amafuna mapoyinti osachepera 3 mukasankha njira yotchedwa polynomial yoyamba ndi 6 pa yachiwiri, koma musaime pa ochepawo, ikani 8 kapena 10 omwazikana pepala lonse, makona onse anayi ndi pakati pomwe, chifukwa mukawaunjika mbali imodzi mbali inayo imathawa. Ndipo dziwani kuti ndi mapoyinti 3 okha pulogalamu ikuuzani kuti cholakwika ndi ziro, zomwe sizitanthauza kuti mwakhoza, kungoti ilibe poyerekeza.

Nambala ya RMS error, yomwe pulogalamu imaonetsa kuti mapoyinti anu aphonya bwanji, musaipembedze. Ganizani chonchi, pa mapu a 1:2500, milimita imodzi pa pepala ndi mamita 2.5 pansi. Mzere wa inki wonenepa theka la milimita ndi kale mita imodzi ndi kota. Onjezani kuti pepala limafutukuka ndi kukhwinyata ndi chinyezi pa zaka zonsezi, komanso kuti wojambula uja nthawi zina ankasuntha paipi dala kuti isagundane ndi zolemba kapena ndi mzere wa suweji. Ndiye kulimbana kuti error itsike kufika masentimita ndi kudzinamiza, pepalalo palokha silinafikepo pamenepo.

Kujambula kwenikweni

Yatsani snapping, yomwe imakokera mzere kuti ugwirane ndendende ndi unzake kapena ndi kadontho, musanajambule mzere ndi umodzi womwe. Ndikubwereza, yatsani snapping. Popanda imeneyi mizere iwiri imaoneka ngati yakumana koma mukakuza kwambiri mupeza kampata ka masentimita ochepa, maso sakaona koma kwa kompyuta ndiye kuti paipi yathera pamenepo, madzi sadutsa, ndipo tsiku lomwe mudzafune kuti ikuuzeni makasitomala omwe akhudzidwe mukatseka valuvu, idzakupatsani zamkutu.

Yambani ndi timadontho, mavaluvu ndi ma manhole, kenako mizere izilumikiza timadonthoto. Dulani paipi paliponse pomwe pali mphambano, valuvu, kapena pomwe kukula kapena mtundu wasintha, kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi mbiri imodzi. Koma chenjerani ndi mapaipi ongodutsana. Pa pepala mizere iwiri ikapingasana sizitanthauza kuti ndi yolumikizana, mwina ina ili pamwamba ina pansi, ojambula ena ankaika kauta kakang'ono kosonyeza kuti yalumpha, ena sankaika chilichonse. Mukaikapo mphambano pomwe palibe mwalumikiza madera awiri a puresha yosiyana mu kompyuta, ndipo aliyense wodzagwiritsa ntchito data imeneyi mu EPANET, pulogalamu yaulere ija ya bungwe la EPA la ku America yowerengera puresha ndi kayendedwe ka madzi, adzapeza zotsatira zopanda mutu. Pokayikitsa ikani kachizindikiro, mukafunse mdala uja kapena mukaone.

Suweji ili ndi lamulo lakelake. Madzi akumwa amakankhidwa ndi puresha ndiye amatha kulowera uku kapena uku, koma zonyansa zimangotsetsereka zokha kuchoka kumtunda kupita kumunsi, kupatula pomwe pali pampu. Choncho mzere uliwonse wa suweji muujambule kuyambira manhole yakumtunda kukathera yakumunsi, nthawi zonse, kenako muike timivi pa sitayilo ya leya kuti muziona komwe zikulowera. Timivi tiwiri tikayang'anizana pa manhole yopanda potulukira, pali cholakwika. Manhole iliyonse ili ndi manambala awiri ofunika, cover level yomwe ndi pa chivindikiro, ndi invert level yomwe ndi pansi penipeni mkati mwa paipi pomwe madzi amayenda. Kuchotsera ziwirizi kumakupatsani kuya. Ndiye tiyerekeze manhole yoyamba invert yake ndi 102.40, yachiwiri 101.90, pakati pake mamita 50, kutsika ndi theka la mita, kutsetsereka kwake ndi 1 pa 100, zili bwino. Uzani kompyuta iwerengere zimenezi pa mapaipi onse nthawi imodzi ndi field calculator, n'kusefa onse omwe akuoneka ngati akukwera phiri. Ambiri mwa amenewo mupeza kuti munataipa 110.90 m'malo mwa 101.90, kapena munajambula chobwerera, kapena mapepala awiri oyandikana ankayezera ma level kuchokera pa benchmark, zikhomo zoyambira kuyeza, zosiyana, izi zimachitika kwambiri pomwe dera lina linamangidwa ndi kontirakita wina yemwe anangodzisankhira poyambira n'kupatcha 100.00.

M'malire mwa mapepala ndi momwe mumabisala zinthu. Paipi imatuluka pepala ili ngati 150, kulowa pepala linalo yasanduka 100 ndipo yasuntha mamita asanu. Musangoikoka kuti ikumane n'kukhala chete, lembani mu kolamu ya ndemanga. Mukamaliza chigawo chilichonse yendetsani Topology Checker ikupezereni mizere yolendewera ndi yobwerezedwa, osadikira kuti mzinda wonse uthe.

Ndipo kunena zoona musayambe ndi mzinda wonse. Tengani kadera kamodzi, mapepala awiri kapena atatu, mukapange mpaka kumapeto kuphatikizapo kupita kukaona, chifukwa m'pamene mudzazindikire kuti tebulo lanu likusowa kolamu inayake, bola kuzindikira pa mapaipi 200 kusiyana ndi pa 20,000.

Kupita kukaona ndi maso

Paipi simungaione koma zivindikiro za mavaluvu, mahaidiranti ndi ma manhole zili poyera, ndipo mukazipeza zimenezi molondola mizere imatsatira yokha. Ikani pulojekiti yanu mu QField kapena Mergin Maps pa foni, muziyenda nayo, kukonza malo, kujambula chithunzi cha chilichonse. GPS ya foni imaphonya ndi mamita 3 mpaka 5 pabwalo poyera, pakati pa nyumba zitalizitali kapena pansi pa mitengo imaposa apo, ndiye yopezera valuvu ndi yokwana koma ya ma level a suweji ayi ndithu, GPS imaphonya kwambiri pa ma level kuposa pa malo. Pamenepo pamafunika RTK, GPS ya akatswiri yomwe imafika pa masentimita, kapena a saveya ndi levulo yawo. Mavaluvu ena mupeza anakwiriridwa ndi phula pokonza msewu, kachipangizo kofufuzira zitsulo kamathandiza. Mapaipi achitsulo amapezeka ndi pipe locator, apulasitiki ndi a AC ndi ovuta pokhapokha anaikamo waya wolondolera pokwirira, apo ayi pafunika radar yoona pansi kapena kukumba kadzenje.

Chonde za manhole, musalowemo pofuna kuyeza. Mumakhala mpweya wa hydrogen sulfide, uja wonunkha ngati dzira lovunda, ukachuluka mphuno imasiya kuumva ndipo munthu amakomoka asanadziwe chomwe chikuchitika, ndipo kawirikawiri wolowa kukapulumutsa mnzake nayenso amatsalira momwemo. Yezani muli pamwamba ndi ndodo yoyezera kapena tepi, zolowa asiyireni omwe ali ndi zida zoyezera mpweya ndi maphunziro ake.

Ngati zina munalandira mu CAD, mafayilo a DWG ndi DXF omwe mainjiniya amajambula pa kompyuta, musasangalale msanga. Zimalowa mu QGIS inde, koma nthawi zambiri zilibe ma coordinate enieni, kukula kwa paipi ndi mawu ongoyandama pambali pa mzere osalumikizana nawo, ndipo mizere inadulidwadulidwa kuti zolemba zioneke bwino. Nthawi zina kujambulanso pamwamba pake kumafulumira kuposa kuyeretsa.

Mapepala akale aja musataye mukamaliza, ndipo mafayilo osikana asungeni malo awiri osiyana, limodzi kunja kwa ofesi. Komanso data imeneyi si yomwaza pa intaneti mwachisawawa, ikuonetsa pomwe pali mavaluvu akuluakulu a mzinda wonse, gwirizanani kuti ndani angaone, ndani angasinthe. Osintha akhale ochepa.

Chomwe chimapha GIS zambiri si kujambula koipa koma chaka chotsatira, pulojekiti yatha, anyamata akupitiriza kukonza mapaipi ndi kulumikiza atsopano koma palibe akuuza wa pa kompyuta. Ndiye pangani kafomu kakafupi, kapepala kamodzi kapena mufoni momwemo, koti gulu lililonse likakumba pena paliponse lilembe zomwe lapeza, paipi yanji, yaikulu bwanji, yakuya bwanji, mamita angati kuchoka pa khoma kapena pa polo, ndi chithunzi dzenje lisanakwiriridwe. Paipi ikaphulika anthu amaona tsoka lokhalokha, koma dzenje lija ndi mwayi waulere woona paipi ndi maso, mzere wodukaduka uja n'kusanduka wotsimikizika. Kontirakita aliyense womanga zatsopano asalandire malipiro omaliza asanapereke as-built yokhala ndi ma coordinate pa dongosolo lomwe inu mukugwiritsa ntchito, muzilembe mu kontirakiti momwemo. Ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika ndi dzina yemwe mafomu amenewa amafikira pa desiki pake, n'kumawalowetsa Lachisanu lililonse asanaweruke.